The Money Store, Black Up ndi Splendor & Misery: muyambire chiti, nanga mapointi a olemba aja tiwakhulupirire mpaka pati?

Funso ili ndafunsidwa kangapo tsopano moti ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi n'kamodzi. Munthu watopa ndi rap ya pa wailesi ija biti yake imangokhala imodzimodzi, wamva kuti kunjaku kuli magulu a andagilaundi amene amapanga zinthu zachilendo zoti ena amakana n'komwe kuti ndi hip hop, ndiye akufuna alaweko koma bandulo ndi yowerengeka, sangamangodawuniloda chilichonse chimene wauzidwa. Mayina amene amabwerabwera ndi atatu omwewa: The Money Store cha Death Grips chomwe chinatuluka mu 2012, Black Up cha Shabazz Palaces cha mu 2011, ndi Splendor & Misery cha gulu lotchedwa clipping. cha mu 2016. Onse ndi a ku America. Anthu amangoziponya m'thumba limodzi n'kumati za phokoso zija, koma anzanga ine ndakhala nazo zimbalezi kwa zaka ndithu ndipo sizifanana olo pang'ono, kamvedwe kake n'kosiyana, ngakhale malo oti uzimvere ndi osiyana.

Chomwe chandilembetsa kwenikweni ndi nkhani ya mapointi. Mukapita pa Pitchfork, tsamba la pa intaneti lounika nyimbo lomwe nthawi imeneyo linkatha kukweza kapena kugwetsa gulu laling'ono ndi nambala imodzi, mupeza kuti Black Up anachipatsa 8.8, The Money Store 8.7, pamene Splendor & Misery anachipatsa 5.3 basi. Munthu wongofika kumene akaona manambala amenewa atenga ziwiri zoyambazo, chachitatucho n'kuchisiya ngati mbatata yofumbwa, ndipo ine ndikuti pamenepo walakwitsa kwambiri. Koma tiyeni tiyende nazo bwino.

Ndiyambe ndi Death Grips poti ndi amene ali ndi dzina lalikulu. Panthawi ya chimbalechi anali anyamata atatu a ku Sacramento, California: Stefan Burnett amene amadziwika kuti MC Ride ndiye amarapa, Zach Hill ndi woimba ng'oma yemwe anachokera ku bandi ya rock yotchedwa Hella, ndiye panali Andy Morin amene ankakhala pa makina. Mu 2011 anatulutsa mikisitepu ya ulere, Exmilitary, inayenda pa intaneti ngati moto wa m'tchire wa mwezi wa Okutobala, kenaka chodabwitsa n'chakuti kampani yaikulu ya Epic Records, yomwe ili pansi pa Sony, inawasainira. Tangoganizani, anthu oti amakuwa ngati akuthamangitsidwa, asainidwa ndi kampani yogulitsa nyimbo za pa wailesi. The Money Store chinatuluka mu Epulo 2012 kudzera ku Epic komweko, nyimbo 13, mphindi ngati 41.

Kamvekedwe kake ndikufotokozereni ndi zomwe ndinaona ndekha. Msuweni wanga ali ndi kababa shopu, ali ndi sabuufa yabwino ndithu yoti amanyadira nayo, tsiku lina kulibe makasitomala ndinalumikiza foni yanga n'kuyika chimbalechi. Sizinathe mphindi zitatu munthu uja anasiya kutsuka makina ometera, anakagwada kuseri kwa sipika n'kumagwiragwira mawaya, kenaka anaika khutu pa sipika penipeni kuti amve ngati yang'ambika. Ndinamuuza kuti ayi achimwene sipika ili bwinobwino, nyimboyo ndi mmene anaipangira. Anandiyang'ana kwa kanthawi, sanazimitse. Pofika pa nyimbo ija ya I've Seen Footage mutu wake unali ukugwedera wokha uku akusesa tsitsi pansi.

Pamenepo ndi pomwe pali chinsinsi cha chimbalechi ndipo anthu ambiri satchula. Pansi pa phokoso lonselo pali makolasi. Pafupifupi nyimbo iliyonse ili ndi kachigawo kobwerezabwereza koti mawa lake umadzuka kakuzungulira m'mutu, nyimbo zake ndi zazifupi, mphindi zitatu kapena zinayi, zimalowa, kukumenya, n'kutuluka. Ndiye kuti anatenga mafupa a nyimbo ya pa wailesi n'kuwaveka malata ndi minga. N'chifukwa chake olemba anachilandira msanga, chifukwa umadzidzimuka inde koma pasanathe nthawi wapeza pogwira. Anthony Fantano, mkulu uja amaunika zimbale pa YouTube pa The Needle Drop, anachipatsa 10 pa 10, ndipo aka kanali koyamba kuti apereke 10 chiyambireni. Kuyambira pamenepo achinyamata ambiri a pa intaneti anadziwira Death Grips kwa iyeyo, mpaka lero ukatchula wina winayo amabwera yekha.

Pali kanthu kena kamene ineyo kamandisangalatsa. Ena mwa masampulo a mu The Money Store anawatenga mu chimbale chotchedwa Music from Saharan Cellphones, chomwe Christopher Kirkley wa kakampani ka nyimbo ka Sahel Sounds anasonkhanitsa kuchokera m'mamemore khadi a anthu kumpoto kwa Mali, nyimbo zomwe anthu ankangopatsirana pa Bluetooth foni ndi foni. Ife amene tinakula tikupita kwa obena nyimbo kumsika ndi kamemore m'thumba, kamvekedwe kameneko timakadziwa, nyimbo yoti yakopedwa kambirimbiri mpaka mawu ake auma n'kumathetheka. Azungu olemba ankaona ngati ndi zachilendo zoopsa pamene kwa ife khutu linazolowera kale. Ndipo ichi ndi chifukwa china chomwe chimbalechi chimapirira pa sipika zoipa, olo pa kasipika ka foni chimamvekabe mphamvu yake, sichidandaula.

Koma ndinene zoona, The Money Store chimatopetsa. MC Ride amakuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu ake ndi a munthu wa mantha ndi ukali, woona ngati aliyense akumulonda, muli zachiwawa, muli zolaula, ndipo nthawi zambiri sumva n'komwe kuti akuti chani pokhapokha utsegule mawuwo pa intaneti. Ubwino wake ndi woti sufunika kumva, mawu akewo ali ngati ng'oma inanso. Kuipa kwake ndi koti ukamaliza mphindi 41 zija umakhala ngati wachokera ku chigayo, makutu akulira, ndipo si tsiku lililonse lomwe munthu umafuna zimenezo. Ine masiku ano ndimachiyika ndikakhala ndi ntchito ya manja kapena ndakwiya, ndipo kawirikawiri ndimasankhamo nyimbo zinayi zisanu osati chonse. Chithunzi cha pa chikuto chakenso si choti chizionekera pa foni muli pakati pa akuluakulu kapena ana, ndakuchenjezani.

Nkhani ya kalandiridwe kawo inasokonekeranso ndi zochita zawo. Mu 2012 momwemo anaimitsa ulendo wa zoimbaimba womwe anthu anali atagula kale matikiti, akuti akufuna amalize chimbale china. Pa 1 Okutobala 2012 anangochitulutsa okha pa intaneti mwaulere, No Love Deep Web, osagwirizana ndi Epic, chikuto chake chili ndi chithunzi cha maliseche a mwamuna, kenaka anaika pa Facebook makalata omwe a kampaniyo anawalembera, ndipo Epic inawachotsa mwezi wotsatira. Mu 2014 analengeza kuti gulu latha kudzera pa kakalata kolemba pa kapepala kopukutira pakamwa, chaka chotsatira anabwereranso. Zonsezi zinawapatsa mbiri ya anthu osagonjera aliyense, ndipo ine ndimaona kuti mbiri imeneyi inathandiza kuti The Money Store chizitchulidwa ngati chimbale chopatulika choti sungachinene. Ndi chabwino kwambiri, sindikutsutsa, koma ena amachitamanda chifukwa cha nthano ya anyamatawo osati chifukwa amachimvera.

Black Up ndi nyama ina. Apa palibe amene akukukuwira. Shabazz Palaces ndi a ku Seattle, ndipo mwini mawu ndi Ishmael Butler, munthu woti si mwana pa masewerawa, anali mu gulu la Digable Planets akudziwika kuti Butterfly ndipo anapata Grammy mu 1994. Munthu ngati ameneyo akanatha kumangodyera dzina lakale, koma mu 2009 anatulutsa timazimbale tiwiri tating'ono osalembapo dzina lake lenileni, akudzitcha Palaceer Lazaro, kuti anthu amve nyimbozo kaye asanadziwe mwini wake. Mnzake mu gululi panthawiyo anali Tendai Maraire, ndipo apa anzathu a ku Zimbabwe atchere khutu, ameneyu ndi mwana wa Dumisani Maraire, katswiri wa mbira ndi marimba amene anapita ku Seattle kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kukaphunzitsa pa University of Washington, bambo ake a malemu Chiwoniso Maraire. Ndiye mukamamva mbira mu nyimbo za Shabazz Palaces si sampulo yotola pa intaneti kuti zimveke za ku Africa ayi, ndi munthu amene anaiphunzira pakhomo pa bambo ake.

Chimbalechi chinatuluka mu Juni 2011 kudzera ku Sub Pop, kampani ya ku Seattle komweko yomwe imadziwika ndi rock, ndi imene inatulutsa chimbale choyamba cha Nirvana mu 1989. Nyimbo zilimo 10, mphindi ngati 36, mayina a nyimbozo ndi atali ngati miyambi moti sindiyesa n'komwe kuwalemba. Chomwe chimachitika m'katimo ndi ichi: nyimbo imayamba ndi biti ina, iwe wayamba kuizolowera, pakatikati imangosungunuka n'kusanduka ina, ngati mmene umayendera usiku n'kupezeka kuti njira yakhota osazindikira. Mu nyimbo yachiwiri muli malo ena pomwe zonse zimachepa n'kutsala mbira ikulira pamwamba pa besi, koyamba kumva ndinabweza kanayi chifukwa inandikumbutsa kalimba, ndipo sindinayembekeze kukumana nayo m'malo ngati amenewo. Muli fungo la jazz, muli mawu a atsikana awiri a THEESatisfaction amene amafewetsa zinthu, Butler amarapa modekha, mawu a m'mphuno pang'ono, nthawi zina akunyoza marapa ongotamanda ndalama, nthawi zina akukamba za chikondi ndi za kukhala munthu wakuda womasuka m'maganizo.

8.8 ija ine ndilibe nayo vuto, anachita bwino. Chokhacho n'choti Black Up chili ndi mtengo wake wobisika, besi yake ili pansi kwambiri. Pa sipika ya foni theka la chimbalechi kulibe, mumangomva timawu ndi tinthu tolira patalipatali n'kumadabwa kuti anthu akutamanda chani. Chimafuna mahedifoni abwinoko kapena sabuufa, pamenepo ndiye mumva kuti pansi pakugwedezeka. Ndipo sichigwira tsiku loyamba ngati The Money Store, palibe kolasi yoti muimbe mawa, ena amati chimawagonetsa tulo. Koma pa zitatuzi ichi ndi chomwe ndimachiyika kuyambira poyamba mpaka pomaliza kawirikawiri kuposa zinazo, madzulo, pophika, pocheza ndi munthu mmodzi, sichikuthamangitsa m'nyumba.

Tsopano tifike pa chomwe ndabwerera. clipping. ndi anthu atatu a ku Los Angeles, dzina lawo amalemba ndi zilembo zazing'ono ndi kadontho kumapeto. Daveed Diggs ndiye amarapa, William Hutson ndi Jonathan Snipes ndiwo amapanga mabiti, ndipo Snipes amapanganso nyimbo za m'mafilimu, zomwe zimamveka ndithu mu ntchito yawo. Anayamba ndi midcity mu 2013 pa intaneti, Sub Pop yomwe ija inawatenga, mu 2014 anatulutsa CLPPNG momwe muli nyimbo ina yoti biti yake yonse ndi kulira kwa alamu ya wotchi yodzutsa munthu m'mawa. Kenaka Diggs analowa mu sewero la Hamilton ku New York, anatchuka koopsa, mu 2016 anapata mphoto ya Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo ku America. Anthu ambiri amene anamudziwira kumeneko ankayembekeza kuti chotsatira chikhala chofewa choti aliyense angamve, iwo mu Seputembala 2016 anatulutsa Splendor & Misery.

Chimbalechi ndi nthano imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyimbo 15, mphindi ngati 37. Kutsogolo kwambiri, mu chombo cha m'mlengalenga chonyamula akapolo ngati katundu, akapolo aja aukira, ndipo amene wapulumuka ndi mmodzi yekha, alibe dzina, amangotchedwa katundu nambala 2331. Chombocho chili ndi kompyuta yoganiza yokha yomwe ntchito yake inali kumulonda ndi kumunenera, koma pomuyang'anira tsiku ndi tsiku ali yekhayekha imayamba kumukonda, mpaka kumamuteteza kwa amene akumusaka. Diggs amasinthasintha, pena akuyankhula ngati kompyutayo, mawu ozizira othamanga ngati makina osokera, pena ngati munthuyo akurapa yekha kuti asapenge. Mabiti ake si mabiti monga tidziwira. Ndi kulira kwa chombocho, zitseko zachitsulo, mapaipi, timabelu ta makina, ndi kuphwephwetera kuja wailesi imachita ukamasaka siteshoni usiku. Ndiye mwadzidzidzi zonsezo zimazima n'kubwera mawu a amuna akuimba mogwirizana popanda choimbira chilichonse, nyimbo za mtundu umene akapolo a ku America ankaimba.

Ine ndinachimva bwino koyamba usiku wina magetsi atazima. Ndinali nditachiyesapo kale kawiri mu minibasi n'kuchisiya, chifukwa kulira kwa injini kumasakanikirana ndi kulira kwa chombo chija ndipo sumva kanthu, umangoona ngati iyafoni imodzi yafa. Usiku umenewo kunja kunali zii, foni ili ndi chaji chochepa, ndinagona chagada mu mdima ndi maiyafoni onse awiri. Chigawo chija munthuyo akurapa yekha kudzera mu kuphwephwetera, mawu akumveka ngati akuchokera kuchipinda china, ndinamva kusungulumwa kwake m'chifuwa mwanga. Kenaka atalowa amuna oimba aja ndinadzuka n'kukhala tsonga, chifukwa kagwirizanidwe ka mawu kameneko ndi kamene timamva pa maliro usiku, azibambo ali panja pa moto, besi ikuchokera pansi pa mtima. Ndipo munthu woti unapitako ku Nkhotakota n'kuuzidwa za anthu amene ankawolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa osadzabwereranso, nkhani ya munthu wosandutsidwa nambala ya katundu siikhala ya m'mlengalenga kwenikweni. Ndinamvera mpaka nyimbo yomaliza, pomwe munthu uja amasankha kulowera kosadziwika m'malo mobwerera komwe kuli anthu amene anamugulitsa, foni inazima patangopita mphindi zochepa.

Ndiye 5.3 ija inachokera kuti? Dandaulo lomwe mumalimva kawirikawiri kwa amene sanachikonde ndi loti nkhani yachuluka kuposa nyimbo, kuti palibe zoti ungavine kapena kugwedezera mutu, kuti chili ngati sewero la pa wailesi osati chimbale cha rap, ena amati ndi nzeru zambiri mtima wochepa. Mbali ina akunena zoona, ndivomere. Mukatengamo nyimbo imodzi n'kuiika pakati pa nyimbo zina imamveka yosakwanira, ngati mwang'amba tsamba limodzi m'buku. Zigawo zina ndi zazifupi kwambiri, kamphindi kamodzi, zilipo kuti nkhani iyende basi. Ndipo pali vuto lina lomwe ifeyo limatikhudza kuposa Amereka: chimafuna Chingerezi, chothamanganso. Death Grips mutha kuimva osamva liwu limodzi, Black Up mutha kutolako theka n'kukhutira, koma apa mukaphonya mawu mwaphonya zonse. Ine ulendo wachiwiri ndinachita kutsegula mawu ake pa Genius, tsamba la mawu a nyimbo, n'kumatsatira, ndipo ndikulangiza aliyense kuti atero, palibe chamanyazi.

Koma kunena kuti poti chili ngati sewero la pa wailesi ndiye n'choperewera, pamenepo ndi pomwe ndimakana. Ife tinakula tikusonkhana pa wailesi kumvera masewero, tikudziwa kuti nkhani yongomva ndi makutu imatha kukugwira kuposa ya pa kanema. Wolemba amene akuyeza chimbale chotere ndi muyezo woti kodi muli nyimbo zingati zomenya, ali ngati munthu woyeza nsalu ndi sikelo ya nyama. Ndipo zoti mulibe mtima ine sindizimvetsa, pokhapokha ngati munthuyo anachimvera akuyankha mameseji. Umboni woti ena anachimva mosiyana ulipo: mu 2017 chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Hugo, zomwe ndi mphoto zazikulu za nkhani zopeka za sayansi, mu gawo lomwe munali magawo a Game of Thrones ndi Doctor Who. Chimbale cha nyimbo kulowa mu gawo la masewero ngati limeneli zinali zisanachitikenso kuyambira zaka za m'ma 1970. Sichinapambane, koma taonani, anthu owerenga mabuku a nthano anachizindikira pamene ena olemba za nyimbo anachipeputsa, chifukwa iwowo anabwera kudzamva nkhani ndipo anaipeza.

Pali chinanso chomwe ndimaganiza, ichi ndi maganizo anga chabe. Death Grips anafika ngati anthu osadziwika, aukali, okana kuyankhula ndi atolankhani, ndipo dziko la andagilaundi limakonda anthu otero. Butler anafika ngati mkulu wolemekezeka amene wabwerera ndi nzeru zatsopano. Koma Diggs anafika atanyamula Tony m'manja, akuchokera ku zisudzo za ku Broadway zomwe matikiti ake ndi a anthu a ndalama, anzake awiri aja ndi anthu a sukulu, ndiye kwa ena zinali zosavuta kuwaona ngati ophunzira amene akusewera ndi phokoso osati eni ake. Chonsecho clipping. inayamba Hamilton isanabwere, ndipo aliyense amene anamva midcity akudziwa kuti phokoso lawo silinali lobwereka.

Tikaziika pamodzi pa zinthu zomwe zimatikhudza tsiku ndi tsiku, pa bandulo palibe kusiyana kwenikweni, zonse zitatu sizifika mphindi 45, ndiye pa mtundu wamba wa MP3 chilichonse ndi ma MB ngati 40, ndipo zonse zimapezeka pa Spotify ndi pa YouTube. Kusiyana kuli pa zomwe muli nazo m'manja ndi nthawi yanu. Ngati chomwe muli nacho ndi sipika ya foni kapena timaiyafoni ta pa msika tija timafa mbali imodzi pakatha sabata, The Money Store ndi chokhacho chomwe chipulumuke. Ngati muli ndi sabuufa kunyumba, Black Up chikupatsani zambiri kuposa zinazo, ndiponso ndi chokhacho chomwe mungayike pali anthu ena osafunsidwa mafunso ambiri. Splendor & Misery sichifuna zida zodula kwenikweni, chimafuna maiyafoni ogwira mbali zonse, malo a phee, ndi mphindi 37 zoti palibe akutumeni.

Pa luso la kurapa lenilenilo, amene mumakonda kumva munthu akuluka mawu, Diggs ali patsogolo ndipo si pafupi. Amathamanga koma liwu lililonse limatuluka loyera, ndipo gululi lili ndi chizolowezi choti iye sarapa za iye mwini, amakhala ngati kamera kapena munthu wina wa mu nkhani, zomwe mu rap n'zosowa chifukwa rap yambiri ndi ine, ine, ine. Butler ndi wa ndakatulo, amakusiyira mawu oti uziwatafuna. MC Ride ndi mphamvu, ndipo mawu ake ukawawerenga ali ndi zithunzi zoopsa zolembedwa mwaluso kuposa mmene kukuwako kumaonetsera, koma si munthu woti uphunzirepo kaluka mawu.

Ndiye amene mwandifunsa kuti muyambire chiti, yankho langa ndi ili. Yambani ndi Black Up ngati muli ndi pomvera pabwino, chifukwa chimakutsegulani khutu mosakuopsezani ndipo mbira ija ikupatsani pokhazikika. Ngati mumachokera ku rock kapena mumakonda zinthu zaukali, kapena foni ndi yokhayo, lowani pa The Money Store, mudziwa pasanathe nyimbo zitatu ngati ndi zanu kapena ayi, sichibisa. Koma chilichonse chomwe mwayambira, musalumphe Splendor & Misery chifukwa cha nambala ija. Chisungeni mu foni mpaka usiku woti muli nokha, muchiyambe pa nyimbo yoyamba, osachisakaniza, osadumpha timagawo tating'ono tija. Kwa ine pa zitatuzi The Money Store ndi chomwe chinasintha zinthu kwambiri kunjaku, Black Up ndi chomwe ndimakhala nacho, koma chomwe chinandikhudza mpaka kukhala tsonga pa bedi ndi chija anachipatsa 5.3.

Chikakugwirani, pitirizani ndi There Existed an Addiction to Blood cha clipping. omwewo cha mu 2019, pomwe anatenga njira ya nkhani zoopsa ngati za m'mafilimu a mizukwa. Pitchfork inachipatsa 4.5, kutsikanso, pamene anthu ambiri okonda gululi amachiika pamwamba penipeni. Kungoti amene mukuwerengera bandulo dziwiranitu kuti nyimbo yomaliza m'menemo ndi mphindi 18 za piyano ikupsa ndi moto, anaiyatsadi n'kujambula kulira kwake, nkhuni zikuthetheka ndi mawaya akuduka mmodzimmodzi.